Musamawerenge madenga, muziyang'ana utsi: kalata yotseguka kwa osunga khomo la Wikipedia

Kwa akuluakulu a Wikimedia Foundation ku San Francisco amene mumasamalira tsamba la wikipedia.org, ndi kwa inu a Komiti ya Zilankhulo,

Zikomo akuluakulu, ndiloleni ndikhale pansi ndiyankhule.

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muiponya m'makina otanthauzira, ndipo zimene makinawo akulavulireni zikhala umboni woyamba wa nkhani imene ndabwera nayo. Mukavutikira kupeza munthu wolankhula Chichewa kuti akuwerengereni, ndiye kuti mwayamba kale kuchita chimene ndikufuna kukupemphani.

Ndine mmodzi wa anthu owerengeka amene timalemba ndi kukonza nkhani pa Wikipedia ya Chichewa. Masana ndimagwira choko, usiku ndimagwira foni, ngati bandulo ilipo ndipo magetsi sanazime. Palibe amandilipira, ndipo sindinabwere kudzapempha malipiro. Sindinabwerenso kudzakunyozani, chifukwa phindu la ntchito imene inayamba mu 2001 ija ndimaliona ndi maso anga ana asukulu akamafufuza zinthu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Pakhomo panu pali chinthu chimodzi chimene chinapendekeka, ndipo chikupendeketsa ife amene tili kumunsi.

Munthu akatsegula wikipedia.org amapeza mpira wa dziko uja wolumikizalumikiza, zilankhulo 10 zitauzungulira. Chakumunsi kuli batani, ndipo ukalidina pamatambasuka mndandanda wa zilankhulo zinazo, zoposa 300. Mndandandawo munaudula m'magulu: mawiki okhala ndi nkhani 1,000,000 kupita m'mwamba ali poyamba, kenako a 100,000, a 10,000, a 1,000, pomaliza a 100. Wiki imene sinakwanitse nkhani 100 mulibe. Imene ikadali ku Incubator, kuja mumafesa mbande zisanawokeredwe kumunda, mulibenso, kaya pali anthu angati amene akuikhetsera thukuta. Choncho mafunso awiri, lakuti ndani alowe m'kaundulamu ndi lakuti akhale pampando uti, mumawayankha ndi ndodo imodzi: kuchuluka kwa nkhani.

Kwathu mlendo akafika pamudzi sawerenga madenga kuti adziwe ngati pali anthu. Amayang'ana utsi, amamvetsera kulira kwa mtondo, amaona ngati pabwalo pasesedwa. Pabwinja pakhoza kutsala zipupa zambiri kuposa pamudzi wamoyo, koma ukaodira sipapezeka wokuyankha. Ward Cunningham atatsegula wiki yoyamba mu 1995, chachilendo chake sichinali kuchuluka kwa masamba, poti masamba analipo kale pa intaneti. Chachilendo chinali chakuti wowerenga akaona cholakwika ankatha kuchikonza pompo, wina n'kubwera kudzakonza zimene iyeyo wakonza. Okonzawo akachoka, chotsala ndi mulu wa masamba wovala dzina la wiki.

Taonani amene akhala pamipando yapamwamba. Kuchotsa Chingerezi, chimene chinadutsa nkhani 7 miliyoni mu 2025, Wikipedia yaikulu koposa si ya Chijeremani kapena ya Chifalansa ayi. Ndi ya Cebuano, chilankhulo cha ku Philippines, ndipo ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Pafupifupi zonsezo sizinalembedwe ndi dzanja la munthu. Sverker Johansson, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Sweden, anakonza pulogalamu yodzilembera yokha, imene ife akonzi timaitcha bot, n'kuipatsa dzina loti Lsjbot. Ntchito yake inali kutapa mayina a zamoyo ndi mayina a malo m'nkhokwe za pa intaneti, n'kumawathira m'ziganizo zokonzeratu, monga mmene woumba njerwa amaponyera dothi m'chikombole. Njerwa iliyonse yotuluka inkawerengedwa kuti ndi nkhani. Mmenemo muli tizilombo, zomera, timitsinje ndi timapiri ta m'mayiko ambiri, ngakhale ta kuno ku Malawi. Kaphiri kamene ana a kwathu amadyetsako mbuzi kakhoza kukhala ndi nkhani yake m'chilankhulo cha ku Cebu, pamene m'Chichewa kalibe.

Bamboyu sindikumuimba mlandu. Sanabe, sanabise kanthu, ndipo cholinga chake chakuti chamoyo chilichonse chikhale ndi tsamba lake ndimachimvetsa. Amene ndikuwafunsa ndi inu, chifukwa ndinu amene mwaikhazika Wikipedia ya Cebuano ija patsogolo pamaso pa dziko lonse. Mwana wa ku Cebu amene akufuna kudziwa za matenda amene akudwala mayi ake, kapena za mbiri ya dera lake, nkhani 6 miliyonizo zimamuthandiza chiyani? Ndipotu inu nomwe mukudziwa kuti chiwerengerochi n'chikomekome cha mkuyu. Pa Meta, tsamba lanu lokambiranapo za kayendetsedwe ka mawiki onsewa, pamndandanda wina wa ma Wikipedia umene munthu wamba safikako, pali danga limene limayesa kuzama kwa wiki, poyerekeza kuchuluka kwa nkhani ndi kuchuluka kwa kukonza ndi kukambirana kumene kwachitikamo. Pamenepo Chingerezi chimapitirira 1,000, pamene Cebuano safika n'komwe pa 10. Muyeso woona munausiya kuchipinda, pabalaza munapachika wokometsera.

A ku Sweden eni ake anadzuka. Lsjbot inakweza Wikipedia yawo kupitirira nkhani 3 miliyoni, koma akonzi ataona kuti masamba ambirimbiri alibe wowasamala, anayamba kuwafufuta, chiwerengero n'kutsikanso pansi pa 3 miliyoni. Wiki yawo inayera, koma pa ndodo yanu zinaoneka ngati yabwerera m'mbuyo. Za Volapük ndingozikhudza: chilankhulo chochita kupeka cha m'ma 1880, cholankhulidwa ndi anthu oti akhoza kukwana m'minibasi imodzi kapena ziwiri, chinadutsa nkhani 100,000 mu 2007 chifukwa cha bot, n'kukhala pagulu limodzi ndi zilankhulo za mitundu yathunthu.

Komabe bot si imene imandisowetsa tulo. Bot imalemba zouma, koma ngati wokonza chikombole anafunsa eni chilankhulo, zouma zakezo zimakhala m'chilankhulo chenicheni. Chimene chimandiopsa ndi chija chinaonekera a Scots. Mu Ogasiti 2020 zinadziwika kuti nkhani zoposa 20,000 za pa Wikipedia ya chilankhulo chimenechi zinalembedwa ndi mnyamata mmodzi wa ku America amene sankachilankhula. Anayamba ali ndi zaka 12. Ankatenga nkhani ya Chingerezi, n'kumasinthamo mawu ena ndi kalembedwe kuti zizimveka ngati za ku Scotland. Sanali woipa mtima, iye ankati akuthandiza. Kwa zaka pafupifupi 7 chiwerengero chinkangokwera, wikiyo ili phee pagulu la 10,000 pakhomo panu, ndipo palibe belu limene linalira, chifukwa ndodo yowerengera siidziwa kusiyanitsa chilankhulo ndi chotsanzira chake. Amene anaulula anali wowerenga wamba amene anangotsegula masamba n'kuwerenga.

Tayerekezani kuti zachitikira ife. Mwana wa ku Johannesburg kapena ku Leeds, wobadwa kwa makolo a ku Dedza, akufuna kuphunzira chilankhulo cha agogo ake. Watsegula khomo lanu, wapeza dzina la Chichewa, ndipo wakhulupirira kuti poti lili pamenepo ndiye kuti wina anaona kale zili m'katimo. Kulemba wiki m'kaundula n'kuiikira umboni, mufune musafune.

Masiku ano sipafunikanso mnyamata wokhala ndi khama la zaka 7. Google Translate inayamba kutanthauzira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo tsopano pabwera makina ena olemba ndime zathunthu m'kuphethira kwa diso. Munthu wosadziwa ndi “muli bwanji” yemwe akhoza kudzaza wiki yaing'ono madzulo amodzi. Zimenezi n'zimene zinapha Wikipedia ya chilankhulo cha ku Greenland. Amene ankaiyang'anira anapeza kuti masamba ambiri anali otanthauzidwa ndi makina, odzaza ndi mawu opanda mutu, mpaka lina linkanena kuti ku Canada kumakhala anthu 41. Anafufuta zochuluka, kenako anapempha yekha kuti wikiyo itsekedwe, ndipo inu a Komiti munavomera mu 2025. Choopsa kwambiri n'chakuti makina otanthauzirawo amaphunzira chilankhulo powerenga zimene zili pa intaneti, ndipo kwa zilankhulo zosowa zolembedwa ngati zathuzi, Wikipedia ndi chimodzi mwa zitsime zochepa zimene amatungako. Makina akasanza m'chitsime lero, mawa amwa zomwezo n'kusanzanso zoipa kuposa za dzulo.

Ndisadziyeretse. Chaka china, chiwerengero chathu chili pafupi ndi mzere wa 1,000, ndinakhala pansi Loweruka n'kulemba tinkhani 40 ta malikulu a mayiko. “Lima ndi likulu la dziko la Peru.” Basi, n'kusunga, n'kupita ku Quito. Pofika madzulo ndinali wosangalala ngati munthu amene wakolola. Tsiku lomwelo ndikanatha kulemba nkhani imodzi yabwino ya matenda a kolera, kapena ya kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asachiboole, nkhani yoti mayi wa kumudzi kwathu atawerengeredwa akanapindula nayo. Koma imeneyo ikanawerengedwa 1, pamene zitsononkho zanga zinawerengedwa 40. Mlandu ndi wanga, palibe anandigwira dzanja. Ndangoti mudziwe kuti ngakhale munthu wokonda chilankhulo chake, akaona pamene pajambulidwa mzere, amayamba kuthamangira mzerewo n'kuiwala kumene amapita.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti muyeso wabwino muli nawo kale, ndipo pachipata cholowera mumaugwiritsa ntchito mosanyengerera. Kuyambira 2006, pamene Incubator ndi Komiti ya Zilankhulo zinakhazikitsidwa, chilankhulo chofuna Wikipedia yakeyake chimafunsidwa mafunso olemera. Kodi chili ndi chizindikiro chake pa ISO 639, kaundula wa zilankhulo za padziko lonse? Kodi chili ndi eni ake amoyo amene anachiyamwira? Kodi ku Incubator kuli anthu osachepera atatu amene akhala akulemba mwezi ndi mwezi osadukiza? Kodi mawu a pamabatani ndi mauthenga ofunika kwambiri atanthauziridwa pa translatewiki.net? Pomaliza mumafunafuna munthu wodziwa chilankhulocho kuti awerenge, atsimikize kuti zolembedwazo ndi chilankhulo chimene chikunenedwachodi. Onsewa ndi mafunso a utsi. A Dagbani a ku Ghana anadutsa pachipata chimenechi mu 2021, ndipo chinawadutsitsa chinali gulu la anthu olemba, osati mulu wa masamba.

Koma wiki ikangolowa, mafunso onsewo amathera pomwepo. Palibe amabweranso kudzaona ngati atatu aja akadalipo, kapena ngati zolembedwa chaka chino zikadali chilankhulo chomwe chija. Zili ngati mfumu imene imapanikiza mlendo ndi mafunso tsiku lonse isanamupatse malo, koma ikamupatsa siipondakonso zaka 20, imangowerenga madenga ili pachulu. Ndiponso mawiki ambiri akale sanadutse n'komwe pachipatapo, chifukwa anatsegulidwa Komiti isanabadwe, ena asanapezeke ndi owalemba omwe. Ena mwa iwo, monga a Herero, Kwanyama, Ndonga ndi Afar, anatsekedwa mu 2007 ndi 2008 atapezeka kuti ndi mabwinja. Njira yotsekera ilipo, koma imadikira kuti wina adandaule kaye. Pakati pa chipata cholowera ndi kumanda palibe amene amayendera odwala.

Musanene kuti khomo silisinthika. Zilankhulo 10 zozungulira mpira zija poyamba zinkasankhidwa potengera kuchuluka kwa nkhani. Mu 2008 anthu anavota pa Meta, n'kugwirizana kuti muziona kuchuluka kwa owerenga, ndipo Chisipanishi chimene chinkakhala chakumunsi chinakwera nthawi yomweyo. N'chifukwa chake Cebuano, ndi nkhani zake 6 miliyoni, sakhala pakati pa 10 amenewo. Ndiye kuti kwa akuluakuluwo munavomereza kale kuti kuwerenga nkhani kumanamiza. Ife otsalafe, amene timavulala nako kwambiri, ndi amene munatisiyira ndodo yakale ija.

Pempho langa ndi ili. Funso loyamba kwa wiki iliyonse yofuna kulembedwa kapena kukhalabe pakhomo panu lizikhala lakuti: kodi muli anthu? Sindikunena kuti mukafune zida zachilendo. Wiki iliyonse ya MediaWiki, pulogalamu imene imayendetsa Wikipedia, imasonyeza kale chiwerengero cha anthu amene achitapo kanthu m'masiku 30 apitawa, ndipo mabot amakhala ndi chizindikiro chawochawo. Mbiri ya tsamba lililonse imanena amene analiyamba ndi amene analikhudzapo. Kompyuta imene imawerenga nkhani nthawi ndi nthawi ikhozanso kuwerenga nkhani zokhazo zimene munthu anazigwirapo, n'kusiya zimene zinatuluka m'chikombole osakhudzidwanso. Magulu anu a 100, 1,000 ndi 10,000 akhoza kukhalapobe, bola muziwerenga chimanga, osati zitsononkho.

Nambala payokha siingagwire za mtundu wa Scots zija, poti mnyamata uja anali munthu, osati bot. Pamenepo pafunika diso. Kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, pezani munthu woyamwira chilankhulocho amene sali m'gulu la akonzi ake, adine linki yotsegula tsamba mwachisawawa maulendo 30, awerenge, anene ngati chimenecho ndi chilankhulo chake. Ndi ntchito ya masana amodzi. Kwa Chichewa simungavutike ndi komwe. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi, ku Chipata ndi ku Lusaka kuli aphunzitsi a Cinyanja, ndipo olemba nkhani za pa wailesi m'chilankhulochi ali mbwee.

Ndikudziwa chimene wina wa inu ayankhe: kudalira maso a anthu n'kumene kunagwetsa makaundula akale a pa intaneti. Pali choona pamenepo. DMOZ, imene inayamba mu 1998, inkanyadira kuti tsamba lililonse lolembedwamo laonedwa ndi munthu. Mapeto ake anthu ankadikira miyezi, ena zaka, kuti mkonzi wodzipereka afike pa pempho lawo, ndipo mu Malichi 2017 inatsekedwa. Kaundula wa Yahoo anali atatsekedwa kale kumapeto kwa 2014. Koma DMOZ inkalimbana ndi masamba mamiliyoni. Inu muli ndi ma Wikipedia osafika 400, ndipo akuluakulu mwa iwo ali ndi akonzi masauzande odziyang'anira okha. Ofunika kuyenderedwa ndi ang'onoang'onofe. Bungwe limene limasonkhanitsa ndalama zoposa madola 150 miliyoni pachaka silinganene kuti lasowa mphamvu yopezera wowerenga mmodzi pa chilankhulo. Ndikudziwanso kuti Foundation siilowerera pa zolembedwa m'mawiki, ndipo zimenezo ndimagwirizana nazo. Sindikupempha kuti mufufute nkhani ya munthu. Khomo ndi lanu, ndipo zimene mwapachikapo ndi mawu anu.

Wina anenanso kuti bot inathandizapo ndi Chingerezi chomwe. Inde, mu 2002 Rambot ya Derek Ramsey inalemba nkhani pafupifupi 30,000 za matauni a ku United States kuchokera pa kalembera wa boma. Zinathandiza chifukwa m'matauni amenewo munali anthu okhala ndi makompyuta, amene anabwera kudzawonjezera mbiri ya kwawo, zithunzi ndi mayina a masukulu. Bot inakumba maziko, anthu anamanga. Pamene palibe wobwera kudzamanga, maziko amangosanduka maenje oswera udzudzu. Muyeso umene ndikupemphawu suletsa bot. Tsamba la bot likangogwiridwa ndi munthu n'kulemeretsedwa, liziwerengedwa.

Musandilozerenso mndandanda uja wa pa Meta wa nkhani 1,000 zimene akuti Wikipedia iliyonse iyenera kukhala nazo, umene umapereka malikisi poona kutalika kwa nkhanizo. Ndi wabwinoko kuposa kungowerenga, koma kutalika ndi chinthu chimene makina amachidziwa bwino kuposa ife. Komanso mmenemo muli Mozart, mulibe John Chilembwe kapena Gule Wamkulu. Wiki ya Chichewa imene yafotokoza bwino za chinamwali, za ulimi wa m'dimba ndi za nkhondo ya mu 1915 ikhoza kulephera mayeso amenewo, pamene ina imene yangothira nkhani za ku Ulaya m'makina ikhoza kukhoza ndi malikisi apamwamba.

Chokhacho chimene ndikuvomereza kuti n'chovuta ndi ichi: pa wiki yaing'ono chiwerengero cha anthu nachonso chimanamiza. Mukatsegula tsamba la zosintha zaposachedwa pa wiki ngati yathu, ambiri mwa mayina amene muwaone ndi a anthu odutsa. Wina akuchotsa zonyansa zimene wowononga waika, monga amachitira a Small Wiki Monitoring Team, wina akusintha dzina la chithunzi pa mawiki ambirimbiri nthawi imodzi. Timawathokoza, ndi alonda abwino, koma sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa, ndipo mlonda si mwini nyumba. Ndiye musawerenge aliyense wogogoda. Muziwerenga amene amawonjezera ziganizo m'nkhani mobwerezabwereza, miyezi yotsatizana, monga momwe Komiti imawerengera ku Incubator. Chida chake chilipo kale, changotsala kuchitembenuzira mkati mwa mudzi.

Mukatero mupeza kuti funso lakuti ndani asalembedwe lachepa, lalikulu n'lakuti aliyense alembedwe motani. Ine sindikufuna kuti wiki yogona ichotsedwe pakhomo. Ikachotsedwa, munthu mmodzi yekhayo amene akanaidzutsa sadzaipeza. Pa zimenezi mukhoza kuphunzira kwa WikiIndex, kaundula wa anthu odzipereka amene wakhala akulemba mawiki a mtundu uliwonse kuyambira 2006. Iwo sakana wiki chifukwa chochepa. Amailemba, n'kuikapo chizindikiro chonena mmene ilili: yamoyo, yogona, yokhomedwa, yodzaza ndi zotsatsa malonda, yakufa. Ali ndi chizindikiro china chimene chimandisangalatsa, chonena kuti wiki iyi ikufunika chikondi. Wowerenga amadziwiratu chimene akulowamo, ndipo wofuna kuthandiza amadziwa poyambira.

Ndipo ngati utsi ndiwo muyeso, nanga mbande za ku Incubator zija? Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chibemba, zilankhulo za anthu mamiliyoni, zilibe Wikipedia yakeyake. Myao wa ku Mangochi kapena wa ku Lichinga akatsegula khomo lanu sapeza chilichonse chomuuza kuti kuli malo kumene angayambe kulemba m'chilankhulo chake. Incubator imadziwika ndi okhawo amene ali kale m'kati. Mumafuna anthu atatu olimbikira kuti wiki ituluke, koma pamalo pamene wachitatuyo akanaionera simunaiikepo. Kagulu kamodzi kumunsi kwa mndandanda, ka zilankhulo zimene zikufesedwa ndipo mwezi uno muli anthu, sikangadetse khomo lanu.

Ndikudziwa kuti muyeso umene ndikupemphawu ukhoza kutitsitsa ifeyo. Mukachotsa tinkhani ta chiganizo chimodzi, tanga 40 tija tili momwemo, ndi zina zimene ndimazikayikira kuti zinadutsa m'makina, Chichewa chikhoza kubwerera pagulu la 100, mwinanso ndi chizindikiro chofuna chikondi chija pambali pake. Zindipweteka, poti chilankhulo cholankhulidwa ndi anthu oposa 10 miliyoni, ku Blantyre, ku Chipata, ku Tete mpaka ku Harare, sichiyenera kukhala pamenepo. Koma manyazi amenewo adzakhala oona, ndipo akhoza kudzutsa aphunzitsi anzanga, atolankhani ndi ophunzira a ku yunivesite amene amalemba Chichewa chokoma pa Facebook tsiku ndi tsiku. Nambala yofufuma ndi mpweya imawauza kuti ntchito ikuyenda, asavutike.

Kanthu kena kakang'ono ndisanaimirire. Pakhomo munalemba bwino kuti Chichewa, koma munthu akakhala pa nkhani ya Chingerezi n'kutsegula mndandanda wa zilankhulo zina zimene nkhaniyo ilimo, dzina lathu limaoneka kuti Chi-Chewa, ndi kamzere pakati. Sindinaonepo buku la sukulu kapena nyuzipepala ya kuno yolemba choncho, ndipo mnzathu wa ku Zambia kapena ku Mozambique amene amati Cinyanja akhoza kulidutsa osadziwa kuti ndi lake. Ife tomwe tikanapempha kalekale kuti likonzedwe, ndipo kusapempha kwathuko kukuuzeni mmene tachepera. Wowerenga woyamba amene mumutume kudzatiyendera, mumuuze ayambire pa kamzereko.

Ine wanu pa ntchitoyi,

Mphunzitsi ndi mkonzi wodzipereka,
Zomba